COF ndi inshuwalansi zinatha galimoto ili pa miyala, chindapusa chake chimakhala bwanji?

NaChisale_Machinjiri

Moni nonse muno. Ndithandizeni nzeru abale chifukwa mutu waima. Ndili ndi ka Sienta kanga kamene ndimanyamulira mabelo a kaunjika kuchoka ku Limbe kubwera kuno ku Machinjiri, nde mu Febuluwale giyabokosi inangofa ndili pa chitunda katundu ali tho kumbuyo, tinachita kukoka ndi chingwe mpaka pakhomo. Kuyambira pamenepo kakhala kali pa miyala kuseri kwa nyumba, nkhuku za aneba mpaka zinayamba kuikira kunsi kwake. Ndalama ya giyabokosi ina ndaipeza mwezi uno nditatenga ku banki mkhonde, amakaniko amanga dzana ndipo kalira bwinobwino moti ndinavina ndekha pabwalo.

Chimwemwe chinatha dzulo ndikutsuka galasi lakutsogolo. Maso angogwera pa timapepala tija tozungulira, tafufuma ndi dzuwa koma madeti akuwerengeka, COF, chiphaso chija choti galimoto inayezedwa, inatha kumapeto kwa Malichi, inshuwalansi pakati pa Epulo, ndipo pano tili mu Ogasiti. Ine zinandichoka m'mutu chifukwa galimoto simayenda nde ndimaona ngati palibe chimene chikuwerengedwa.

Alamu anga akundiopseza kuti msonkho wa galimoto ukachedwa umaswana mwezi ndi mwezi ngati katapila, akuti ndikapita akandiwerengera miyezi yonse isanu ija kuphatikiza chiwongola dzanja, mwinanso kundilanda galimoto pompo. Bambo anga nawo akuti pali road tax ina imene ine sindinalipirepo chigulireni galimotoyi mu 2022. Nde ndafunsa, zoona zake ndi ziti? Ndiyambire pati? Komanso galimoto yopanda mapepala ndikaifikitsa bwanji kokayeza osakumana ndi a traffic, poti kuchoka kuno kukafika mtauni malo oimikira galimoto alipo angapo. Geni yaima miyezi isanu ndi umodzi, kubwereka galimoto ya ena ulendo uliwonse kwandidyera phindu lonse.

Jah_Bwande

Kkkkk asisi musavutike mtima, dzukani 4 koloko m'mawa anthu akadali m'bulangete, 5 isanakwane muli pa geti. Ine yanga inatha chaka chatha koma ikuyenda daily, bola kudziwa njira za mmakwalala komanso kukhala ndi ya fanta m'thumba basi.

Madala_Gomani52

Mwana wanga NaChisale, za mnyamata wayankha pamwambayo zisiyeni pomwepo, ameneyo tsiku lake likubwera. Ine ndagwira chiwongolero kuyambira 1984, malole ndi mabasi omwe, ndiye ndikuuzeni pang'onopang'ono.

Bambo anu sakunama, kungoti akukumbuka zakale. Masiku amenewo kunalidi disiki ya msonkho wa pamsewu imene tinkalipira chaka ndi chaka n'kumata pagalasi. Lero galimoto ya munthu wamba ngati yanuyo pagalasi pamakhala ziwiri, COF ndi inshuwalansi. Ndalama yokonzera misewu boma limatitapa pa pampu, lita iliyonse ya petulo kapena dizilo mumtengo mwake muli kale gawo limene limapita ku Roads Fund Administration, ndipo omwewonso ndi amene amatolera pa zipata zija za pa M1, cha pa Chingeni chimene chinatsegulidwa mu 2021 ndi cha pa Kalinyeke ku Dedza chimene chinatsatira mu 2022. Ndiye galimoto yanu pamene inali pa miyala simamwa mafuta, msonkho umenewo sumakutsatani. Panabweranso carbon tax kumapeto kwa 2019, imeneyo tinkalipira ku MRA pokonzanso COF, kuyambira K4,000 kwa tiinjini tating'ono mpaka K15,500 kwa zikuluzikulu, anthu anadandaula kwambiri za mizere iwiri, pambuyo pake nayonso anakailowetsa ku mtengo wa mafuta. Mwina ndi imeneyo imene alamu anu akuisokoneza.

Tsono mlandu weniweni uli apa. COF si msonkho kwenikweni, ndi chiphaso chonena kuti galimoto yayezedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Ya galimoto ngati yanu imakhala miyezi 12, ife a zonyamula anthu timayezetsa pakatha miyezi 6. Galimoto ikakhala kuseri kwa nyumba palibe wapolisi adzagogode pakhomo kufunsa COF. Koma tayala likangoponda tala, mwalakwira lamulo la pamsewu, ndipo ndi milandu iwiri yosiyana, wa COF pawokha wa inshuwalansi pawokha. Akhoza kukulipitsani pompo, akhozanso kuigwira galimoto kukaisunga ku polisi mpaka mapepala atalongosoka, ndipo mawa mukakumana ndi ena pa malo ena lisiti ya dzulo siisandutsa galimoto kukhala ya COF ayi. Ndi mmene ndalama imathera, pang'onopang'ono ngati madzi m'ndowa yobooka.

Chochita ndi ichi. Musayambe ndi galimoto, yambani ndi miyendo. Kwerani minibasi mupite kaye ku kampani ya inshuwalansi mukagule, olo ya third party yokha, ija yolipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, ndi imene lamulo limakakamiza. Mukatero pitani ku Road Traffic pa Ginnery Corner mutatenga traffic register card yanu ndi bulubuku, mukanene kuti mukufuna kukonzanso COF. Zonse za galimoto yanu zili mu kompyuta mwawo muja amati MalTIS, chilichonse chimene mukuyenera kulipira chituluka pa pepala limene akusindikizireni, kuphatikiza ngati pali chindapusa china chakale chimene sichinalipidwe. Ndalama yolembedwa pa pepalapo ndi imene mulipire ku banki, osati imene wakuuzani munthu pansi pa mtengo. Ndi pomweponso mufunse kwa wovala yunifolomu za mmene mungayendetsere galimoto kupita nayo koyezera.

Ndipo mukapezeka kuti akulipitsani pamsewu, pemphani GR, lisiti ya boma ija. Ndalama yopereka popanda lisiti simunalipire mlandu, mwangogawa.

NaChisale_Machinjiri

Zikomo kwambiri madala, mtima wayamba kutsika. Khadi ndili nayo, bulubuku ilinso m'dzina langa, mwayi tinasintha nthawi yomweyo mwini wake woyamba asanapite kunja. Kungoti za alamu angazi anazinena motsimikiza zedi mpaka anatenga foni kuwerengetsa ma peresenti, nde ndimati kapena pali lamulo latsopano limene ine landiphonya.

Chimzy_waku_Joni

Asisi funsani bwino alamu anuwo ngati sanakhaleko kuno kapena ngati samacheza ndi matchona, chifukwa zimene akufotokozazo ndi ndendende za kuno ku South Africa kkkk. Kuno kuli licence disc ya chaka ndi chaka ndipo ndi msonkhodi. Ikatha amakupatsa masiku 21 oti ukonze popanda chilango, akangodutsa amenewo umalipira za miyezi yonse imene unatsalira, pamwamba pake penoti ya 10 peresenti ya mtengo wa pachaka pa mwezi uliwonse umene wachedwa. Ndipo alibe nazo kuti galimoto imayenda kapena inali pa miyala, bola ili m'dzina lako ngongole ikungokwera.

Ine zinandionekera ndi ka bakkie kanga kamene ndimagwirira ntchito ya mapaipi kuno ku Johannesburg. Ndinabwera kumudzi pa maliro a mayi, mwambo utatha ndinakhalitsa ku Chilomoni kulongosola za nyumba, pobwerera ndapeza disiki inatha kalekale. Nditaima pa windo mzimayi uja akungodina kiyibodi osandiyang'ana n'komwe, kenako wanditembenuzira sikilini kuti ona wekha. Ndinatuluka panja kaye kukapuma mpweya aise. Choipa china kuno ukakhala ndi galimoto ziwiri, ngongole ya imodzi ikhoza kukutsekera kuti ya inayo isatuluke.

Nde alamu anu sananame, angolakwitsa dziko. Za kumudzi mverani madala a Gomani, iwo ndi amene ali pamalopo. Koma ine ndingowonjezera kuti musazolowere, ine pano deti ya disiki ndinailemba pa khoma pafupi ndi switch ya magetsi, akazi anga amaseka koma sindinachedwenso.

Makaniko_wa_pa_Ndirande

Mayi, ine ndilankhulepo za galimotoyo payokha poti enawa akamba za mapepala. Galimoto imene yakhala miyezi isanu ndi umodzi osayenda musaitenge kuchoka pa miyala ulendo wa koyezera, mukagwa ndipo mukataya ndalama ndi tsiku. Amakaniko anu amanga giyabokosi inde, koma ayang'ana zina? Ambirife timangokonza chimene watiitanira.

Choyamba mabuleki. Galimoto ikakhalitsa, makamaka yadutsa m'nyengo ya mvula ili panja, ma disc amachita dzimbiri ndipo akumbuyo amakakamira, handibuleki imatha kugwira mbali imodzi yokha. Koyezera amaikweza pa makina odzigudubuza aja, tayala lililonse limaonetsa mphamvu yake pa sikilini, nde palibe zonamizana. Matayala nawo muwaone m'mbali osati pamwamba pokha, dzuwa limawang'amba timing'alu ting'onoting'ono ngati chidendene cha m'chilimwe, ndipo ngati mapeto atha gulani olo awiri akutsogolo. Sipeya ikhale ndi mpweya. Magetsi onse ayake, ma indiketa, a buleki, a rivesi, ndi kagetsi kaja kounikira nambala kumbuyo kamene aliyense amakaiwala. Mwanena za nkhuku, ine ndikuopa makoswe, amakonda kumanga chisa pa injini ndi kudya mawaya, mwezi wathawu ndatulutsa chisa chathunthu m'bokosi la air cleaner la Passo ina, munali mpaka zitsononkho. Hutala ilire, mawaipa asakhale ongokanda galasi, malamba onse amange. Galasi lakutsogolo ngati lili ndi mng'alu waukulu kumbali ya dalaivala limenelonso ndi vuto.

Ndiye tija timaiwalika, ma triangle awiri, chozimitsira moto, ndi ma reflector, oyera kutsogolo ofiira kumbuyo. Chozimitsira moto muone kamuvi kake kali pobiriwira. Ndikudziwa kuti panja pa geti pamakhala anyamata obwereketsa zimenezi kwa ola limodzi, ukatuluka n'kubweza, koma mayi gulani zanu, a traffic pamsewu amafunsanso zomwezo ndipo mnyamata uja sadzakhalapo. Ku Limbe m'mashopu a zipangizo zilipo.

Petulo amene anatsala mu thanki nayenso wakalamba, thirani watsopano musanayende mtunda. Ndipo batire ngati mukuchita kukankha musapite nayo choncho, zimachititsa manyazi galimoto kuzima ili pa dzenje anthu ali pa mzere kumbuyo kwanu akuimba mahutala.

Za kuifikitsa koyezera, ngati mtima sukukhazikika itanani breakdown ainyamule. Ndi ndalama inde koma ndi yodziwika, mumagwirizana musananyamuke.

Bambo_a_Tada

Ine ndimangowerenga muno sindilembalemba, koma apa ndilembe chifukwa cha Jah_Bwande ndi ena oganiza ngati iye. Aliyense akuopa chindapusa cha a traffic. Chindapusa ndi chaching'ono abale. Chimene chinandigwetsa ine ndi kapepala ka inshuwalansi, kanali katatha masiku 9 okha.

Munali mu 2023, chaka cha Freddy chija, ndalama zonse zinapita kokonza mpanda ndi khoma la kukhitchini zimene zinagwa ndi madzi. Inshuwalansi itatha ndinati ndidikire malipiro a mwezi, ndi masabata awiri okha, ndipo ndimayenda kuchoka ku Chirimba kupita ku ntchito basi, njira yoidziwa ngati chikhatho changa. Lachinayi lina madzulo cha m'ma 6, kamdima kakuyamba, pafupi ndi msika paja pamene minibasi zimangoima paliponse, wa kabaza wa njinga yamoto watulukira kutsogolo kwa minibasi atanyamula mayi wina ndi dengu la tomato. Sindimathamanga, mwina 40, koma ndinamugunda. Chimene ndimakumbukira mpaka lero ndi tomato ali mbwee pa tala ndi nsapato imodzi ya mayi uja ili pa boneti yanga. Anthu anadzadza nthawi yomweyo, ena ayamba kale kumenya galimoto ndi manja, mwayi panali abambo ena achikulire amene anati tiyeni tithamangire kaye kuchipatala.

Mnyamata wa kabaza anathyoka mwendo pawiri, mayi uja anavulala phewa ndi kumaso. Ku polisi chinthu choyamba laisensi, ndapereka. COF, ili bwino. Inshuwalansi. Wapolisi anangoyang'ana deti n'kundiyang'ana ine, sananene chilichonse kwa kanthawi, ine ndinamva miyendo kuzizira. Usiku umenewo ndinaimbira mnzanga wina amene amadziwa za inshuwalansi kumupempha ngati tingagule mawa n'kulemba deti ya m'mbuyo, anandiuza mosapsatira kuti achimwene chimenecho ndi chinyengo, mukawonjezera mlandu pa mlandu ndipo ine ntchito indithera. Inshuwalansi imayamba kugwira pa tsiku ndi nthawi imene mwagula, za dzulo sizimawakhudza.

Nde chilichonse chimene kampani ikanalipira chinagwera ine. Chindapusa cha boma ndinalipira tsiku limodzi n'kuiwala. Koma njinga inali ya bwana wake wa mnyamatayo, imafuna foloko, tayala ndi thanki. Mnyamatayo miyezi inayi osagwira ntchito, ali ndi mkazi ndi ana awiri ku Mbayani, ndi ine ndimagula ufa. Mayi uja abale ake anabwera kunyumba anthu asanu ndi mmodzi atatenga amalume awo, tinakhala pa khonde kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa kulowa kukambirana. Kuti mlandu wa ndani unali waukulu pa ngozipo sinali nkhani, ine ndinali wopanda pepala nde pakamwa panali potseka. Ndinagulitsa puloti yanga ya ku Lunzu imene ndinaisunga zaka 7, ndinagulitsa mothamanga pa mtengo wolira, kenako mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti ija, ndalama yotsala inangosanduka mapepala. Galimoto yanga inakhala chaka ili yophwanyika kutsogolo.

Third party imene ndimaizengereza ija inali yosakwana ngakhale mtengo wa matayala awiri.

Mayi a ku Machinjiri, COF mukhoza kukambirana za breakdown kapena chiyani, koma galimoto isatuluke pa geti inshuwalansi musanagule. Olo kupita pa filling station pokha. Mumsewu wa kwanuwo njinga ndi zambiri kuposa kwathu.

Jah_Bwande

Eeh bambo a Tada mwandiziziritsa nkhongono, pepani kwambiri. Ine ndimanena za COF yokha, inshuwalansi ndili nayo... ndikuganiza. Ndikaone pagalasi kkkk.

Aunt_Fanny_Zingwangwa

Jah kaoneni msanga mwana iwe, usatipatse ntchito yosonkha.

Achemwali a NaChisale ine langa ndi limodzi, chenjerani ndi madobadoba. Mukangotsika minibasi pafupi ndi ma ofesi a zamagalimoto akuthamangirani, ena ovala bwino zedi ndi ka fayilo kukhwapa, "mayi tikuthandizeni, mkatimo mzere ndi wautali, ife tili ndi munthu wathu". Ine chaka china ndinachedwanso ngati inuyo, miyezi iwiri, ndipo chifukwa cha mantha omwewa a chindapusa ndinagwa m'manja mwa wina. Anandiuza kuti penoti yanga yafika pa ndalama yoopsa koma iye akhoza kuifafaniza mu kompyuta ndikamupatsa K60,000, galimoto osafunikanso kuyezedwa. Ndinapereka, mantha amapusitsa. Madzulo anandibweretsera disiki yooneka bwinobwino ndi ya inshuwalansi yomwe, ndinamuthokoza mpaka kumuwonjezera ya transport.

Patatha mwezi ndikupita ku Mwanza ku chinkhoswe, pa Zalewa andiimika. Anaiyang'ana disiki ija nthawi yaitali, kufunsa pa foni, kenako akuti mayi tsikani, galimoto iyi COF yake inatha kale ndipo pepala ili silinachokere kwathu. Ndinalira pamaso pa ana anga ndi apongozi ali m'galimoto atanyamula mphatso za chinkhoswe pamiyendo. Nambala ya mnyamata uja inali itazima kalekale. Kuti ndituluke mu nkhani imeneyo zinanditengera masiku, kulemba sitetimenti, kufotokoza kuti ine ndinapusitsidwa, ndipo pamapeto ndinakayambanso zonse mwa ndondomeko, ndalama yake yeniyeni inali yochepa kuposa imene ndinamupatsa wakubayo. Ya inshuwalansi ija nayonso inali yabodza, ndiye taganizani mwezi wathunthu ndimayenda ndi ana ngati mmene afotokozera bambo a Tada osadziwa.

Inshuwalansi kagulani pa ofesi ya kampani kapena kwa ejenti amene ali ndi chilolezo, makampani amenewa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank, ndipo mutenge lisiti ya kampaniyo osati ya pamanja. Mukakayika imbani ku kampaniko muwawerengere nambala ya inshuwalansi yanu akuuzeni ngati ili m'mabuku mwawo. Mzere ngotopetsa inde, tengani botolo la madzi ndi chitenje choyala, mupite m'mawa.

Mphwanga_Leeds

Ndikuwerenga ndili pa break kuno ku UK, nkhani ya galimoto yokhala pa miyalayi yandiseketsa chifukwa kuno ingakugwetse m'mavuto. Kuno mapepala omata pagalasi anasiya mu 2014, zonse zili pa kompyuta ya DVLA, a Road Traffic a kuno, ndipo makamera amangowerenga nambala. Ngati galimoto sukuyendetsa umayenera kuwauza, amati SORN, ndipo ikhale pa malo ako osati m'mbali mwa msewu. Ukangokhala chete msonkho n'kutha, kalata ya chindapusa cha £80 imakupeza pakhomo wekha osatuluka n'komwe. Nde asisi thokozani kuti kwathu nkhuku zikhoza kuikira kunsi kwa galimoto mwamtendere. Moni kwa onse a ku Bangwe.

Madala_Gomani52

Mayi Fanny anena zoona. Ndiwonjezere kamodzi kamene ndinaiwala, poti mwati galimoto mumanyamulira mabelo. Tsiku lokayezetsa tsitsani katundu yense ndipo mipando yakumbuyo ija muibwezeretse m'malo mwake ngati munaichotsa. Ndaonapo anthu akubwezedwa chifukwa galimoto m'bulubuku ndi ya mipando 7 koma mkati mwasanduka ka lole. Komanso taonaninso laisensi yanu yoyendetsera, nayo imakhala zaka 5 n'kutha, anthu ambiri amadzidzimukira pa rodibuloko.

NaChisale_Machinjiri

Ndabwera kudzapereka lipoti abale poti munandithandiza. Ndachedwa kuyankha chifukwa sabata yonseyi ndinali pa mwendo.

Lolemba ndinagula third party, ndinachita kupita pa ofesi penipeni mtauni ngati mmene ananenera Aunt Fanny, ndipo ndisanatuluke ndinawerenga deti kawiri. Lachiwiri ndinalawirira ku Ginnery Corner ndi khadi ndi bulubuku. Madobadoba anandipezadi ndisanawoloke n'komwe msewu, wina mpaka kundigwira chikwama akuti "mayi anga a ku mpingo", ine osamudziwa, ndinangoti zikomo ndili ndi mwana wanga mkatimo. Pepala litatuluka ndinayamba kuliyang'ana ndi diso limodzi chifukwa cha mantha, koma za katapila zimene amanena alamu anga zija sindinazione. Chimene chinandidabwitsa ndi china, panatuluka chindapusa chakale cha liwiro chimene ine sindimachidziwa, cha mu Disembala, msewu wa ku Zomba. Ine mu Disembala ku Zomba sindinapiteko. Amene anabwereka galimoto kupita ku ukwati ku Zomba mwezi umenewo ndi alamu anga omwe aja, a ma peresenti. Ndawatumizira chithunzi pa WhatsApp, ma tick abiriwira koma mpaka pano zii.

Amakaniko a pa Ndirande munalosera, makoswe anadya waya wa magetsi a rivesi ndipo buleki yakumbuyo kumanzere inali itagwira, tinachita kumenya ndi hamala kuti dilamu ituluke. Ndagula matayala awiri a kaunjika koma a mapeto abwino, ma triangle ndi chozimitsira moto changachanga. Mipando ndinabwezeretsa, inali m'chipinda cha ana akuyesa sofa. Kupita koyezera ndinaitana breakdown, ndinaona kuti mtima wanga sungapirire, aneba anatuluka onse kuonerera kuyesa yafanso.

Ulendo woyamba inagwa, kagetsi ka pa nambala kaja. Inu munanena ine ndinaiwala kuwauza amakaniko. Ndinathamanga kukagula babu, mnyamata wina anandimangira ndi sikuludalaiva yobwereka, ndinabwereranso pa mzere ndipo Lachinayi masana disiki inatuluka. Dzulo ndatenga mabelo atatu ku Limbe, pobwera andiimika, wapolisi wayang'ana pagalasi n'kungondikodola kuti pitani, ine mpaka ndimafuna andifunse zambiri.

Bambo a Tada nkhani yanu ndinawawerengera bambo a kunyumba usiku, iwonso anatuluka ndi tochi kukaona pa njinga yawo. Jah_Bwande simunabwerenso, munapeza chiyani pagalasi paja?

Jah_Bwande

Inatha mu June asisi. Galimoto ili pa den, lero ndakwera kabaza.